Windows Home, Pro kapena Enterprise pa makompyuta a kampani

Bambo, ndawerenga funso lanu lakuti mukugula makompyuta 18 a kampani yanu ya mpunga, ena akhale pa boma ku Nkhotakota ndipo ena kunthambi ya ku Dwangwa, komanso kuti wogulitsa akukukokerani ku Windows 11 Home chifukwa ndi yotsika mtengo, pamene mnzanu akuti mutenge Enterprise. Malangizo anga ndi akuti mutenge Pro.

Mukaziyatsa, Home ndi Pro zimaoneka chimodzimodzi, ndipo Excel kapena pulogalamu yowerengera ndalama imayenda bwinobwino pa zonse ziwiri. Kusiyana kudzaoneka tsiku limene mudzafune kulamulira makompyuta onsewo muli pamalo amodzi. Mosiyana ndi Pro, Home singalowe mu domain (netiweki ya kampani yolamulidwa pamalo amodzi), kaya ya Active Directory kapena ya Microsoft Entra ID, ndipo ilibe Group Policy (njira yoikira malamulo pa makompyuta onse nthawi imodzi), choncho mukafuna kuletsa antchito kulowetsa mafulashi kapena kuika mapulogalamu amene iwo akonda, mudzayenera kuyendera kompyuta iliyonse payokhapayokha. Ndiponso simungalowe mu kompyuta ya Home kudzera pa Remote Desktop muli kutali, kutanthauza kuti kavuto kakang'ono ka ku Dwangwa kakhoza kukweza munthu minibasi mumsewu wa M5, tsiku n'kuthera panjira, pokhapokha mutaikamo pulogalamu ina yapadera.

Chimene ine ndimachiona chachikulu koposa ndi BitLocker, imene imatseka zonse za mu hard drive kuti wakuba akanyamula kompyuta asathe kuwerenga zimene zili mkati. Makompyuta ena a Home ali ndi kachitetezo kofanana nako, koma simungakayendetse mmene mungayendetsere BitLocker ya mu Pro. Inu mumasunga maina a alimi, manambala a mafoni awo ndi ndalama zimene mwawalipira, ndipo popeza dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, nkhani imeneyi si yoitenga mopepuka. Kiyi wotsegulira BitLocker mudzamusunge pamalo ena otetezeka, chifukwa akatayika ngakhale inu eniake simudzatsegula.

Enterprise ndi yabwino, koma si ya msinkhu wanu pakadali pano. Sigulidwa pashelefu ngati zinazi, imabwera kudzera m'mgwirizano wa malaisensi ambiri kapena m'malipiro obwerezabwereza monga a Microsoft 365 E3, ndipo imakhala pamwamba pa Pro, kotero Pro mudzaifunabe. Zoona, mtundu uliwonse wa pachaka wa Enterprise umathandizidwa kwa miyezi 36 pamene wa Pro ndi miyezi 24, koma zambiri zimene imaonjezera zimafuna katswiri wokhazikika woziyang'anira. Ngati mulibe munthu wotere, muzingosakasaka madola, amene tonse tikudziwa mmene akuvutira, kulipirira zinthu zongokhala.

Chenjerani kwambiri ndi makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito amene adzaza m'masitolo. Ambiri amabwera ndi Windows 10, imene Microsoft inasiya kuithandiza pa 14 Okutobala 2025, ndipo kuti kompyuta ilandire Windows 11 movomerezeka iyenera kukhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopanoko, kwa Intel kuyambira m'badwo wa 8. Microsoft imati RAM ya 4 GB ndi yokwanira, koma musatsike pa 8 GB. Ine ndinagulapo makompyuta amene wogulitsa analumbira kuti ali ndi Pro yeniyeni, koma patangopita miyezi yochepa anayamba kulemba pakona kuti Windows siinatsegulidwe, ndiye ndinalipira kawiri. Musanapereke ndalama, tsegulani Settings pa iliyonse, muone pa Activation, ndipo mtundu wa laisensi ulembedwe pa invoisi.

Ngati mwagula kale ena a Home, musade nkhawa, chifukwa amakwezedwa kukhala Pro pongolowetsa kiyi watsopano popanda kufufuta chilichonse. Poika, yambani ndi awiri kapena atatu, agwire ntchito sabata imodzi ndi maprinta ndi pulogalamu yanu ya ndalama, kenako mupitirize ndi enawo. Muyatsenso Delivery Optimization kuti makompyuta a muofesi imodzi azigawana ma update m'malo moti aliyense azidya bandulo payekha, ndipo UPS (batire losunga kompyuta ikuyaka magetsi akathima) ikhale mu bajeti yomweyo, chifukwa magetsi akathima update ili mkati, kompyuta ikhoza kukana kuyaka.