Ndalama zokonzetsera nyumba muzipatula lendi ikangolowa

Achimwene, mwanena kuti mwagula nyumba yakale ndithu yoti muzichititsa lendi, ndipo mukufunsa kuti zokonzakonza zizikudyerani ndalama zingati pa chaka, komanso ngati lendi yonse mungaiwerengere ngati phindu. Pa funso lachiwirilo ndikuyankheni msanga kuti ayi. Gawo lina la lendiyo ndi la nyumbayo, ndipo mukalidya mudzalibweza ndi ngongole.

Anthu ambiri ochita bizinesi ya nyumba amapatula 1 peresenti ya mtengo wa nyumba pa chaka, ndipo ikakhala yakale amafika pa 2 peresenti. Poti yanu ndi yakale, yambirani pamwambapo. Ngati kuwerengera pa lendi ndiko kukuphwekerani, chotsani 10 mpaka 15 pa 100 iliyonse tsiku lomwe tenanti walipira, muziike ku akaunti yakeyake yomwe simuigwira pa zina.

Kufunika kwa akaunti imeneyi ndi koti zowonongeka sizibwera mofanana mwezi ndi mwezi. Zaka ziwiri zitha kudutsa mukungosintha maloko ndi mipope yodontha, inu n'kumaganiza kuti nyumbayi ilibe vuto. Kenako chaka chachitatu giza yafa, makoma akufuna penti, sepitiki thanki yadzaza, zonse nthawi imodzi. Komatu zimenezi si zadzidzidzi. Giza imakhala zaka 8 mpaka 12, penti ya m'kati mwa nyumba ya lendi zaka 3 mpaka 5, sepitiki nayo imafuna kupopedwa pakatha zaka 3 mpaka 5. Lembani zinthu zikuluzikulu za m'nyumbamo ndi zaka zomwe zakhala kale, mudzaona nokha chomwe chikubwera posachedwa.

Ndalama zikachepa, yambani ndi chilichonse chokhudza madzi. Apa ndiye ndikutsindika kwambiri. Kabowo ka msomali padenga kakadontha nyengo imodzi yamvula, siling'i imafufuma, matabwa a denga amayamba kuwola, ndipo madziwo akafika pa mawaya a magetsi mwaika miyoyo ya anthu pachiswe. Paipi yodontha m'khoma imagwetsa pulasitala ndi penti yomwe mwangopaka kumene. Madzi oima m'mbali mwa nyumba amafewetsa nthaka ya pa maziko, makoma n'kuyamba ming'alu, ndipo chinyezi chomwecho ndicho chimakoka chiswe. Choncho mvula isanayambe munthu akwere padenga, ngalande zichotsedwe zinyalala, madzi azithamangira kutali ndi khoma. Matailosi okongola ndi makabati atsopano zingadikire.

Ndi tenanti gwirizanani polemba kuti chakutha chokha ndi ukalamba mukonza ndinu, chomwe iye waswa kapena kuwononga mosasamala alipira yekha kapena chichotsedwa pa dipoziti. Jambulani zithunzi chipinda chilichonse asanalowe, nonse mukhale nazo. Koma chonde musamukalipire akakuimbirani kuti penapake pakudontha. Tenanti woopa landilodi amangoika ndowa pansi n'kukhala chete, inu mudzadziwa siling'i itagwa. Muziyendera nyumbayo kawiri pa chaka, mutamudziwitsa kaye.

Amisiri pezani odalirika, pulambala ndi wamagetsi makamaka, ndipo muziwalipira pa nthawi yake kuti azibwera mukawaitana. Ntchito ikakhala yaikulu funsani mitengo kwa awiri kapena atatu. Malisiti onse sungani, chifukwa m'maiko ambiri a msonkho amasiyanitsa ndalama zobwezeretsera chinthu momwe chinalili ndi zowonjezera chatsopano pa nyumba, monga chipinda china.

Panopa, tenanti asanalowe, lipirani mmisiri wodziwa ntchito ayendere denga, mawaya ndi mapaipi onse, akulembereni zomwe wapeza. Kukonza nyumba yopanda munthu n'kotchipa ndiponso kwachangu kusiyana ndi kugumula khoma anthu ali ndi katundu wawo m'katimo.