Batire lopanda madzi: yankho kwa achimwene a ku Luchenza

Achimwene ena okonza mafoni pa Luchenza andilembera imelo. Akuti atopa ndi mabatire otupa ngati mandasi, ndipo amva kuti kukubwera ena opanda madzi mkati. Akufunsa kuti kachikopa kolowa m'malo mwa madziwo amakapanga bwanji, nanga angakapangire pa benchi yawo?

Achimwene, madzi a m'batire ndi amene amaolotsa lithium, kachitsulo kamene kamanyamula magetsi m'batiremo, kuchoka mbali ina kupita inayo, koma amayaka moto, ndipo akawonongeka amatulutsa mpweya umene umatupitsa batire. Kachikopa kamene mwamvako kamagwira ntchito yomweyo yoolotsa, kali kouma.

Zosakaniza zake ndi zitatu. Pali pulasitiki yotchedwa PEO, imene Peter Wright ndi anzake ku Sheffield anapeza mu 1973 kuti ikasakanizidwa ndi mchere wina imadutsitsa ma ion, tinthu ting'onoting'ono tonyamula magetsi. Pali mchere wa lithium, kawirikawiri LiTFSI. Kenako ufa wa ceramic, monga LLZO, wa lithium, lanthanum, zirconium ndi oxygen, umene unadziwika mu 2007. PEO payokha ndi yofewa, imamatira bwino, koma kukazizira lithium imayendamo mokwawa. Imafuna kutentha kwa madigiri 60 mpaka 80. Ceramic payokha imadutsitsa bwino koma imasweka ngati phale. N'chifukwa chake amazikwatitsa.

Kapangidwe kake kamandikumbutsa phala. Amasungunula PEO ndi mchere uja m'mankhwala otchedwa acetonitrile, n'kumatakasa usiku wonse. Ufa wa ceramic amathira pang'onopang'ono, pakuti mdani ndi mibulu, monga mmene zilili ndi nsima. Pamene pali mbulu kachikopa kamafooka, ndipo lithium imatha kumera timinga tobowola mpaka mbali inayo, batire n'kuchita shoti. Phalalo likasalala amalithira pa mbale ya Teflon kapena kuliyala ndi kampeni kosalazira, n'kuliumitsa m'uvuni wopopedwa mpweya pa madigiri 50 kapena 60. Chimasupuka ndi kachikopa koyera, kopindika, kopyapyala ngati pepala.

Zikumveka zophweka, eti? Vuto ndi chinyezi. Mukudziwa mmene mchere umachitira kuno ku Mulanje chiperoni chikagwa masiku atatu: umanyowa wokha m'mbale, zovala pa chingwe osauma, phiri osaoneka. LiTFSI ndiye amamwa chinyezi kuposa pamenepo. Mukamusiya poyera amasanduka madzi. LLZO nayo ikakumana ndi mpweya wonyowa imachita kankhungu ka lithium carbonate pamwamba, kamene kamatseka njira ya lithium. Choncho ntchitoyi amaigwirira m'bokosi lotseka lodzaza ndi mpweya wouma wotchedwa argon, manja atapisa m'magolovesi akuda omatidwa pa galasi, chinyezi chosafika gawo limodzi pa miliyoni. Bokosi limenelo ndiye chuma chenicheni pa ntchitoyi, osati zosakanizazo.

Ndiye pa benchi yanu ayi, ndikukukanizani. Acetonitrile ndi poizoni, imayakanso, ndipo lithium yeniyeni yoyesera kachikopako ikakhudza madzi imabwata n'kutulutsa mpweya woyaka. Komanso foni siingadikire batire lofuna madigiri 60. Galimoto zoyendera magetsi za Bluecar zimene zinkabwerekedwa ku Paris kuyambira 2011 zinali ndi mabatire a mtundu wa PEO, ndipo zinkakhala zolumikizidwa ku magetsi zikaima kuti batire lisazizire.

Ngati mtima uli pamenepo, yunivesite ya MUST ili ku Ndata konko m'boma lanu la Thyolo. Kachezeni ndi aphunzitsi a chemistry. Chimene chimandisekesa ine n'chakuti lanthanum wa mu LLZO uja ali m'gulu la miyala ya rare earth imene ili pa Songwe Hill ku Phalombe, kuseri kwa phiri lathu lomweli.

Mabatire otupawo musamawabowole ndi sikuludiraiva kuti aphwe, ndaonapo anyamata akutero. Aikeni m'chitini cha mchenga, panja, kutali ndi denga la udzu.