Injini ikudula pa 3500: yambani mwaona bulaketi ya sensa

Achimwene, mwanena kuti mwaika Speeduino, kompyuta yoyendetsa injini (ECU), pa injini ya 4Y ya Hilux yanu, gudumu la mano lomwe sensa imawerenga ndi la 36-1 (malo a mano 36, dzino limodzi lochotsedwa), sensa ndi ya mawaya awiri yochokera ku Ford, ndipo injini ikulira bwino koma ikafika cha m'ma 3500 rpm imadula ngati mwazimitsa kiyi. Chithunzi mwatumizacho ndachiyang'anitsitsa. Musathamangire kusintha manambala pa laputopu ayi. Vuto ndikuliona pa bulaketi, kachitsulo kopyapyala komwe mwamangirirapo sensa, kamene kagwidwa ndi bawuti imodzi yokha.

ECU siona injini. Chomwe imadziwa ndi mano amene akudutsa pamphuno pa sensa basi. Pa 36-1 dzino lililonse ndi madigiri 10, ndipo mpata wa dzino lochotsedwalo ndi umene umaiuza pomwe crankshaft, shafiti yomwe mapisitoni amazungulitsa, yafika. Tsono bulaketi ikamanjenjemera, sensa imasendera pafupi n'kutalikira kambirimbiri pa sekondi imodzi. ECU imaphonya dzino, kapena kuwerenga dzino lomwe kulibe, kenako imasokonezeka n'kusiya kupereka moto. Kachitsulo kalikonse kali ndi liwiro lake lomwe kamayamba kuvina, n'chifukwa chake injini yanu ikudulira pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Inenso zinandichitikira pa injini yanga yoyamba. Ndinataya masabata awiri ndikusintha makoyilo ndi mapulagi, pomwe ndikakankha sensa ndi chala inkasuntha.

Pitani kwa owotcherera akudulireni chitsulo chochindikala mamilimita 5 kapena 6, chachifupi momwe mungathere, ndipo awotcherere kachitsulo kena ka makona atatu kolimbitsa pokhotapo. Chimangidwe ndi mabawuti awiri otalikirana, pa buloko ya injini kapena pa kavala yakutsogolo, osati pa chasisi, chifukwa injini imagwedezeka payokha pa mamawunting'i ake. Mukamanga, igwireni ndi dzanja muikoke mwamphamvu. Ikasuntha ngakhale pang'ono, sinathe. Mabawutiwo muwapake Loctite (guluu woletsa mabawuti kumasuka), misewu yathu yafumbi ija imamasula chilichonse.

Sensa iloze pakati penipeni pa crankshaft, ndipo mphuno yake ikhale pakati pa makulidwe a dzino, isapendekere m'mphepete. Mpata wa pakati pa dzino ndi sensa yambani ndi 0.8 mm, musapitirire kwambiri milimita imodzi. Muyeze ndi feeler gauge (timalata toyezera mipata), osati ndi maso. Pano m'pamene ambiri amachita ulesi: akayeza pa dzino limodzi amati zatha. Zungulizani injini ndi sipanala, muyeze malo anayi. Mukapeza kuti pena ndi 0.5 pena 1.2, gudumu lanu silinakhale pakati, ndipo lifunika kupita pa lathe, makina osemera zitsulo, kuti alikhazike bwino. Onaninso pule yanu. Ngati ili ndi mphira pakati, gudumu limangidwe ku chitsulo cham'kati chomwe chagwira crankshaft. Mkombero wakunja umaterera mphira ikakalamba, ndipo timing yanu, nthawi yomwe mapulagi amapereka moto, idzayenda nawo limodzi inu osadziwa.

Za malo a dzino losowa, Ford pa ma injini a masilinda anayi ankaika kuti pisitoni yoyamba ikakhala pamwamba penipeni, sensa ikhale pa dzino la nambala 9 kuchokera pa mpatawo, kutanthauza madigiri 90. Speeduino imalola ngodya ina iliyonse, koma ine ndimatsatirabe zomwezo. Chifukwa chake n'chakuti poliza galimoto, injini imachedwa ikamapanikiza mpweya pafupi ndi pamwamba, ndiye mpata ukadutsa pa sensa nthawi imeneyo ECU imavutika kusiyanitsa dzino losowa ndi kuchedwa wamba, makamaka batire ikafooka m'mawa wa mu June.

Bulaketi ikakhala bwino koma vuto lilipobe, bwerani ku mawaya. Sensa ya mawaya awiri ndi ya mtundu wa VR, imapanga yokha magetsi, ochepa kwambiri poliza ndipo amakwera injini ikathamanga. Speeduino singawerenge magetsi otere mwachindunji, imafuna kabolodi ka VR conditioner, kosintha magetsiwo kuti ECU iwawerenge, monga kokhala ndi chipu ya MAX9926. Mawaya awiriwo ali ndi mbali yake, mukawatembenuza injini itha kulira koma timing imasuntha mukaponda mafuta. Gwiritsani waya wokhala ndi shield (chokutira chachitsulo), shield yo muilumikize ku ethi mbali ya ECU yokha, ndipo wayayo adutse kutali ndi mawaya a mapulagi, koyilo ndi alitaneta. Mu TunerStudio, pulogalamu ya pa laputopu yosinthira Speeduino, tsegulani tooth logger yomwe imaonetsa dzino lililonse ngati mzere, muone ngati mizere ikufanana kupatula umodzi wautali pa kuzungulira kulikonse.

Mukamaliza, ikani timing yokhazikika pa madigiri 10 mu pulogalamu, muwunike pule ndi timing light, nyali yomwe imaphethira pulagi ikapereka moto. Chizindikiro cha pa pule chiime pa 10 injini ili pa idle, chiimenso pomwepo mukaikweza mpaka 3000. Chikaima, masulani loko ya timing mukayese pamsewu. Tumizani chithunzi cha bulaketi yatsopano pamodzi ndi tooth log, tidzaonere limodzi.