Makapisozi a Ayurveda achiza chilungulira ndi shuga? Yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, dzina sinditchula. Akuti chilungulira ndi kudzimbidwa zawazunza kwa zaka, ali ndi shuga ndi BP, amamwa mankhwala a shuga a metformin tsiku lililonse, ndiye mnzawo wakutchalitchi wawabweretsera makapisozi a Ayurveda ochokera ku India omwe ati amatsuka m'mimba n'kuthetseratu shuga. Akufunsa ngati angasiye mankhwala akuchipatala n'kuyamba amenewa.

Mayi, musasiye chonde. Koma sindikunena kuti Ayurveda ndi bodza lamkunkhuniza ayi, ndiloleni ndilekanitse zinthu ziwiri zomwe ogulitsa amaziphatikiza dala.

Ayurveda ndi njira yochizira ya ku India yomwe yakhalapo zaka zoposa 2,000, ndipo kwawoko siyamseri, boma lili ndi unduna wake wa AYUSH womwe unakhazikitsidwa mu 2014, dokotala wake amakhala pasukulu zaka 5 ndi theka kuti atenge digiri ya BAMS. Iwo amati thanzi lonse limayambira m'mimba. Mphamvu yogaya chakudya amaitcha agni, kutanthauza moto, ndipo amati motowo ukafooka chakudya chimatsalira chosagayika bwino, zotsalirazo amazitcha ama, ndiye matenda amayambira pamenepo. Ngakhale shuga ankamudziwa kalekale, amamutcha madhumeha, mkodzo wa uchi.

Tsono malangizo awo a kadyedwe ndi omwe ine ndimawagomera, ndipo ndi aulere. Amati idyani njala ikakupwetekani osati chifukwa choti mbale yafika, chakudya chachikulu chikhale chamasana, usiku mudye zopepuka komanso msanga, m'mimba musadzaze mpaka pakhosi koma gawo limodzi chakudya, lina madzi, lachitatu lisiyeni lopanda kanthu, mukatha kudya muyendeko pang'ono. Tiyerekeze ndi ifeyo, masana tangotafuna mandazi ndi fanta, usiku cha m'ma 9 mitanda inayi ya nsima ndi nyama yamafuta kenako thasa pabedi, ndiye tikudabwa kuti chilungulira chikuchokera kuti? Izi ngakhale dokotala wanu wa shuga aziwombera m'manja.

Nkhani ili pa mabotolowo. Choyamba simukudziwa chomwe chili m'kati. Ku Ayurveda kuli nthambi ina yotchedwa rasa shastra yomwe amaika dala zitsulo monga mercury m'mankhwala, amati akazipsereza mwanjira yawo poizoni amatha. Koma ofufuza a ku Boston ku America atagula mankhwala a Ayurveda okwana 70 m'mashopu akumeneko mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2004, anapeza kuti limodzi mwa asanu aliwonse linali ndi poizoni wa lead, mercury kapena arsenic, atabwereza mu 2008 pogula pa intaneti zinatuluka chimodzimodzi. Munthu wa shuga ndi BP impso zake zimakhala kale pampanipani, sizofunika kuzisenzetsa mtolo wina.

Chachiwiri, ngakhale zitsamba zenizeni zimatha kulimbana ndi matenda anuwo. Mankhwala ambiri a chilungulira a Ayurveda amakhala ndi yashtimadhu, womwe ndi muzu wa licorice, ndipo ameneyu akamwedwa nthawi yaitali amakweza BP n'kutsitsa potaziyamu m'thupi. Mwaona eti? Pachifuwa pazizira koma BP yakwera inu osadziwa. Zomera zina zomwe amagwiritsa ntchito, karela (chipatso chowawa chonga nkhaka) ndi methi (fenugreek), zimatsitsako shuga pang'ono, zoona, koma kutsitsako si kuchiza, ndipo mukaziphatikiza ndi mapiritsi ena a shuga akhoza kutsika mopyola mpaka kunjenjemera ndi thukuta. Triphala, ufa wa zipatso zitatu uja, amathandizadi kufewetsa m'mimba kwa wodzimbidwa, amenewo sindikangana nawo kwambiri, bola auzeni adokotala anu kuti mukumwa.

Ndipo mawu oti "kutsuka m'mimba" aja amandiseketsa. Kutsuka kwenikweni kwa Ayurveda ndi panchakarma, muli kusanzitsa, kutsegula m'mimba, kupopera mankhwala kumbuyo ndi zina, anthu amakagonera masiku angapo kumalo ochitira zimenezi monga ku Kerala ku India, akuyang'aniridwa. Si kapisozi womwera pa minibasi ayi.

Chomwe chandikhudza kwambiri mu imelo yanu ndi mawu oti "kwa zaka". Vuto la m'mimba losatha nthawi zina limakhala ndi mwini wake, kachirombo kotchedwa H. pylori komwe kamayambitsa zilonda zam'mimba. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, analandira mphoto ya Nobel mu 2005 chifukwa chotulukira zimenezi. Kachiromboka kamayezedwa, ndipo kamafa ndi maantibayotiki pamodzi ndi omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, pafupifupi masabata awiri basi. Komanso metformin yemweyo amasokoneza m'mimba anthu ena, makamaka akamwedwa osadya, ndiye mwina vuto ndi kamwedwe chabe. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kusanza magazi, kuonda popanda chifukwa kapena chakudya kukakamira pomeza, musadikire tsiku la kiliniki, pitani lomwelo.

Botololo musalitaye kaye. Litengeni mukamapita ku kiliniki ya shuga, muwaonetse zolembedwa pambalipo, ndipo mumufunse mnzanuyo ngati mankhwalawo analembetsedwa ku PMRA, bungwe loona za mankhwala kuno kwathu. Mudzandilemberenso, ndikufuna ndimve kuti wayankha chani.