Mavairasi a pa flashi andisowetsa mtendere

Funso: Akulu, ndili ndi kashopu kotaipa makalata pa Nchalo. Sabata yatha kasitomala wina anabwera ndi flashi, mafailo anga onse n'kusowa. Kompyuta yanga ndi ya Windows 7. Nditani?

Yankho: Pepani kwambiri achimwene, koma musataye mtima. Nthawi zambiri kavairasi ka pa flashi kotchedwa shortcut kamangobisa mafailo, sikafufuta. Yatsani kompyutayo ndi Linux Mint (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows) ya pa flashi ina, muwaona ali pomwepo, ndipo muwakopere kwina.

Vuto lalikulu ndi Windows 7 yo. Microsoft inasiya kuiteteza mu Januwale 2020. Ine ndingaike Linux Mint basi: ndi yaulere, imabwera ndi LibreOffice yotaipira, ndipo mavairasi a Windows sagwiramo ntchito. Yesani kaye ngati printa yanu ikusindikiza bwino ndi Linux Mint yo. Ndi kutentha kwa ku Chikwawa kumeneko, muzichotsanso fumbi pa fani ya kompyuta.