Pac-Man ndi anzake m'mafilimu oseketsa: chimatiseketsa n'chiyani kwenikweni?

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake mafilimu oseketsa akungobwerera ku magemu a ubwana wathu monga Pac-Man, Mario ndi Donkey Kong, komanso ngati ana anu amene sanawagwirepo magemuwo angasangalale nawo mafilimu otere. Ena ayankha kale kuti nkhani ndi ndalama basi. Sindikutsutsa, koma ndalamazo zimatuluka m'thumba la munthu amene china chake chamukhudza mtima, ndiye chinthucho ndi chimene ndikufuna tikambirane.

Yambani mwawerengera zaka. Space Invaders inatuluka mu 1978, Pac-Man mu 1980, Donkey Kong mu 1981, Super Mario Bros. mu 1985, Sonic mu 1991. Mwana amene anali ndi zaka khumi pamene Pac-Man inkatuluka anali atakwanitsa zaka 45 mu 2015. Umenewo ndi msinkhu wa anthu amene amalemba mafilimu, amene amavomereza kuti filimu ipangidwe, ndiponso amene amagulira banja lonse matikiti. Mbali imeneyo ndi yosavuta kuimvetsa. Chovuta n'chakuti mafilimu ena amagwiritsa ntchito magemu omwewo n'kutiseketsa mpaka misozi, pamene ena timangowaonera duu, n'kumati "eya, uyu ndikumudziwa" osaseka n'komwe.

Ine ndimaona kuti chimene timachisowa pa magemu akale si zithunzi zake ayi. Zithunzizo zinali zoperewera, ndipo opanga magemu ankadziwa. Mario anavekedwa chipewa chifukwa kujambula tsitsi pa timadontho tochepa tija kunali kovuta, ndipo ndevu zapamlomo zinathandiza kuti nkhope ioneke popanda kujambula pakamwa. Mu Space Invaders adani aja ankathamanga kwambiri akayamba kuchepa chifukwa makina ankapepukidwa ntchito yowajambula, ndipo Tomohiro Nishikado amene anaipanga anazisiya choncho poona kuti zikukometsa gemu. Zimene makina ankalephera kuonetsa, mutu wa mwana unkadzaza wokha. Chimene chinatsala m'thupi mwathu ndi malamulo a gemu. Miyoyo ndi itatu, ikatha ukuyambiranso pachiyambi. Palibe kusunga pamene wafika. Mnzako ali pambali akudikira kuti ufe agwire iye, ndipo akukuuza kuti "dumpha, dumpha!" ngakhale mumtima akufuna ugwe. Kaseti ikakana kuyaka mumaiuzira mpweya n'kuibwezeramo. Nyimbo ikayamba kufulumira mtima umagunda, zala n'kuchita thukuta pa mabatani.

Tsono malamulo amenewa ndi amene ali ndi nthabwala mkati mwake. Tili ana sitinkafunsa chifukwa chake Mario, munthu wokonza mapaipi, akudya bowa n'kukula kawiri, kapena chifukwa chake ndalama zikutuluka mu njerwa. Tinkangovomereza. Filimu yoseketsa yabwino imatenga lamulo lomwelo n'kuliika pa munthu amene ali ndi maganizo, amatopa, amachita manyazi, amafuna kukondedwa. Pamenepo umaseka kawiri: koyamba chifukwa wazindikira chinthu cha ubwana wako, kachiwiri chifukwa ukuchiona mwatsopano.

Filimu imene inachita zimenezi bwino kwambiri kwa ine ndi Wreck-It Ralph ya Disney, ya 2012. Funso lake ndi lophweka: kodi mdani wa m'gemu amamva bwanji? Ralph wagwira ntchito yophwanya nyumba kwa zaka 30. Gemu ikatha amaponyedwa pansi kuchokera padenga, mnzake wokonza nyumbayo n'kulandira mendulo, iye n'kukagona pamulu wa njerwa. Usiku makina a arcade (malo olipira poseweretsa magemu) akasiya kuseweredwa, adani a magemu osiyanasiyana amakumana m'kanyumba ka mizukwa ka Pac-Man kuti alimbikitsane. Bowser mdani wa Mario ali pomwepo, Dr. Eggman mdani wa Sonic, Zangief wa Street Fighter, ndipo woyendetsa msonkhano ndi Clyde, mzukwa wa olenji uja. Q*bert, kanthu ka mphuno yaitali ka m'gemu ina yakale, akuoneka atasowa pokhala chifukwa makina a gemu yake anazimitsidwa. Mwana amene sakumudziwa Q*bert amamumverabe chisoni, ndipo amaseka poona zigawenga zazikuluzikulu zitakhala pa timipando zikudandaula za ntchito. Wamkulu amene anakula akumenyana ndi Bowser amaseka zomwezo, koma kwa iye pali china choonjezera.

Ndipo taonani chinthu ichi, chimene chimandigometsa nthawi zonse. Gemu ya Ralph, Fix-It Felix Jr., kunalibe m'zaka za m'ma 1980. Anaipeka opanga filimuyo. Komabe ukaiona umamva ngati unaisewerapo, chifukwa anagwira kayendedwe kodumphadumpha ka anthu ake, kalizidwe ka nyimbo, ndi kubwereza kosatha kwa siteji imodzimodzi. Munthu ungasowe bwanji gemu imene sunaisewerepo? Ukusowa malamulo ake ndi mmene ankakumvetsera, dzinalo ndi chizindikiro chabe.

Yerekezani ndi Pixels ya 2015, imene anaitsogolera Chris Columbus, muli Adam Sandler, Kevin James, Josh Gad ndi Peter Dinklage. Iyi inali ndi mayina onse: Pac-Man, Donkey Kong, Galaga, Centipede. Nkhani yake ndi yakuti kanema wa mpikisano wa magemu wa 1982 anatumizidwa kumlengalenga, zolengedwa za kumeneko n'kuganiza kuti dziko lapansi likuziputa nkhondo, ndiye zinabwera zitadzisandutsa magemuwo. Maganizo amenewa anachokera ku kafilimu kakafupi ka Patrick Jean ka 2010, kosakwana mphindi zitatu, koonetsa magemu akale akuwononga mzinda wa New York. Kafilimu kakafupiko n'kokoma kwambiri. Filimu yaitaliyo olemba ndemanga ambiri anaidzudzula, ndipo ine ndikugwirizana nawo pa mfundo imodzi: nthawi zambiri imangokuonetsa chinthu chimene ukuchidziwa n'kudikira kuti useke. Kuzindikira pakokha kumabweretsa kamwemwe, sikubweretsa phwete.

Koma sindingaitaye yonse. Pamene Pac-Man wamkulu akumeza misewu ya New York, anthu n'kukhala mizukwa yomuthamangitsa ali m'timagalimoto ta Mini Cooper, pamenepo filimuyo yatembenuza lamulo la gemu, ndipo zikukoma. Pamene munthu wosewera ngati Toru Iwatani, mlengi wa Pac-Man, akupita kukamunyengerera ngati mwana wake n'kulumidwa dzanja, ndinaseka ndithu. Zimangondiwawa kuti chuma chenicheni cha gemuyo anachisiya. Mizukwa inayi ija ili ndi makhalidwe osiyana: Blinky wofiira amakutsatira pambuyo penipeni, Pinky amayesa kukutchingira kutsogolo, Clyde akakuyandikira amatembenuka n'kuthawira kungodya yake. Wolemba nthabwala wakhama akanapeza zambiri pamenepo.

Palinso chifukwa china chimene akuluakulu ambiri amaikondera Pixels ngakhale akudziwa zofooka zake, ndipo sindikuchinyoza. Ngwazi yake ndi bambo amene moyo sunamuyendere monga ankayembekezera, amene luso lake lalikulu ndi la magemu a ubwana, ndipo tsiku lina dziko lonse likudalira luso limenelo. Ambirife tinauzidwapo kuti magemu ndi kutaya nthawi. Filimu ikakuuza kuti maola onse aja sanapite pachabe, yakhudza pamalo pofewa. Vuto n'lakuti uthenga umenewo ndi wa bambo yekha, mwana alibemo gawo.

Jumanji: Welcome to the Jungle ya 2017 inadutsa njira ina. Siinabwereke dzina la gemu yotchuka ngakhale limodzi. Achinyamata anayi akumezedwa ndi gemu yakale ya kaseti, n'kupezeka ali m'matupi a anthu a m'gemumo. Aliyense ali ndi mizere itatu padzanja, ndiyo miyoyo yake, akafa amagwa kuchokera kumwamba mzere umodzi utafufutika. Munthu wowalandira amangobwereza mawu omwewo ngakhale amufunse china, monga ankachitira anthu a m'magemu amene sitinkawayendetsa. Aliyense ali ndi mndandanda wa mphamvu ndi zofooka zake. Mnyamata wamantha ali m'thupi la Dwayne Johnson, mtsikana wodzikonda ali m'thupi la Jack Black. Nthabwala zonse zikuchokera ku malamulo, n'chifukwa chake zimagwira aliyense amene anagwirapo gemu ya mtundu uliwonse, yakale kapena yatsopano.

Musaganize kuti maonekedwe alibe ntchito konse. Mu 2019 opanga filimu ya Sonic the Hedgehog atatulutsa kanema woitsatsa, anthu anakwiya ndi mmene Sonic ankaonekera, mano ngati a munthu, timaso tating'ono. Filimu inachedwetsedwa kuchoka mu Novembala 2019 kufika mu Febuluwale 2020 kuti amujambulenso. Chimodzimodzi Mario: filimu ya 1993 ya anthu enieni, imene Bob Hoskins anasewera ngati Mario, inasintha dziko la gemuyo mpaka osazindikirika, ndipo sinayende malonda. Ya makatuni ya 2023, imene Nintendo, kampani yopanga magemu a Mario, inapanga pamodzi ndi kampani ya makatuni ya Illumination, inasunga mitundu, nyimbo ndi mapaipi obiriwira aja, n'kupeza madola oposa 1.3 biliyoni padziko lonse. Munthu amalola kuti useke naye za ubwana wake, koma salola kuti umusinthire nkhope ya mnzake wakale.

Ndiye za ana anu. Angasangalale ndithu, mukasankha bwino. Ngati ali aang'ono, yambani ndi Wreck-It Ralph ndi ya Mario ya 2023. Jumanji ndi Pixels ku America anaziika m'gulu la PG-13, lochenjeza makolo kuti zina sizoyenera ana osakwana zaka 13, ndipo muli mawu ndi nthabwala zina zoyenera okulirapo, choncho muyambe mwaonera nokha. Musanayatse filimu, apatseni mpata asewere gemu yeniyeniyo ngakhale kwa theka la ola. Pac-Man imapezeka mosavuta pa intaneti, ngakhale Google inaika yake yoseweredwa mu 2010 pokumbukira zaka 30 za gemuyo. Asiyeni adyedwe ndi mizukwa kangapo, adziwe kuwawa kwa moyo womaliza, mulimbirane kuti wapeza mapointi ambiri ndani. Akakamuona Clyde akuyendetsa msonkhano uja adzamuzindikira okha.

Chinthu chimodzi chokha ndikupemphani: filimu ikayamba musamaiimitse kuti mufotokoze aliyense amene wadutsa pa sikirini. Chilakolako chake chimakhala chachikulu, ndikudziwa, koma mwana amatopa nazo. Mudikire akufunseni yekha kuti kanthu ka mphuno yaitali kaja ndi ndani, pamenepo mumuuze za Q*bert mpaka mukhutire.