Mchira wa nalimata watsala m'manja mwa mwana: ndipake chiyani?

Mayi wina amene amakhala ku Manchester wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Mwana wanga wa zaka 8 amaweta nalimata wa mtundu wa leopard gecko. Madzulo ano pomubweza m'bokosi lake anafuna kuthawa, mwana n'kumugwira mchira. Mchirawo unatsala m'manja uku ukuphiriphitha, ndipo patuluka timagazi. M'nyumba muno muli Dettol, spiriti ndi GV amene ndinabwera naye kuchokera kumudzi. Ndipake uti? Kodi afa?"

Mayi, mabotolo atatuwo bwezerani m'kabati. Ndikudziwa kuti ife tinakula tikudziwa kuti bala lopanda kupakidwa kanthu ndiye kuti lanyalanyazidwa, koma kanyama aka kamalemera pafupifupi ngati dzira la nkhuku basi, ndipo kamanyambita thupi lake. Spiriti amawotcha minofu imene ikufuna kupola, Dettol ndi waukali kwambiri kwa kanyama kotere, ndipo GV amabisa mtundu wa bala, pamene mtunduwo ndi umene udzakuuzeni ngati zinthu zikuyenda bwino. Hydrogen peroxide nayenso ayi. Pewaninso mafuta opaka amene muli mankhwala ochititsa dzanzi monga lidocaine kapena benzocaine.

Zoti afa chifukwa cha mchira wokha, ayi. Mwana wanu sanaudule, nalimata ndi amene wautaya. Mafupa a mumchira wake ali ndi malo amene anapangidwa kuti azithyoka mosavuta akagwidwa ndi mdani. Ukangoduka, minofu imafinya mitsempha ya magazi, n'chifukwa chake mwaona timagazi tochepa chabe. Kuphiriphitha kuja n'kopusitsa mdani kuti alimbane ndi mchira mwini wake akuthawa. Amene tinasesapo nalimata pakhoma ndi tsache tinazionapo zimenezi, kungoti sitinkadandaula chifukwa sanali wathu.

Ntchito yanu usiku uno ndi ya m'bokosi osati pabala. Chotsani mchenga, utuchi kapena dothi lililonse limene lili pansi, muyale mapepala oyera opukutira m'khitchini. Mchenga umakanirira pachilonda chonyowa n'kulowetsa tizilombo. Mapepalawo muzisintha tsiku ndi tsiku, kapena akangochitapo chimbudzi. Pepala loyera limakuthandizaninso kuona ngati magazi akupitirira kutuluka. Ngati bokosilo amakhalamo awiri, apatuleni lero lomwe. Kunena zoona, analimata a mtundu umenewu safuna mnzawo, ndipo amphongo awiri amalumana mpaka kupwetekana.

Mukaona kuti pabala pali zinyalala, tsukanipo ndi madzi amchere ogula ku famase, aja amati saline. Ngati palibe, wiritsani lita imodzi ya madzi, sungunulanimo magalamu 9 a mchere, amene ndi ngati supuni ya tiyi imodzi ndi theka, n'kudikira kuti afike pofunda chabe. Donthezerani pabalapo, osapekesa. Mankhwala amene ambiri oweta nyama zokwawa amagwiritsa ntchito ndi povidone iodine, uja amagulitsidwa ndi dzina la Betadine, wosungunula m'madzi mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka wosapsa bwino. Koma ngati bala ndi loyera, ine ndimati lisiyeni. Kumugwiragwira kumamuopseza kuposa mmene mankhwalawo angamuthandizire. Bandeji musamange.

Chimene ambiri amaiwala ndi kutentha. Nalimata ameneyu kwawo ndi kumadera ouma a miyala a ku Afghanistan, Pakistan ndi kumpoto chakumadzulo kwa India, ndipo thupi lake silidzifunditsa lokha ngati lathu. Akazizidwa, chakudya sichigayika ndipo chilonda chimachedwa kupola. M'nyumba ya ku Manchester zimenezi si nkhambakamwa. Pansi pa mbali yofunda ya bokosi pakhale madigiri 30 mpaka 32, mbali inayo pafupifupi 24, kuti azisankha yekha pokhala. Yezani ndi thermometer, dzanja limanamiza. Ndipo chofunditsira chikhale cholumikizidwa ku thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupitirira muyezo, chifukwa analimata ambiri amapsa pamimba atagona pa chinthu chotentha kwambiri. Mukadzaona pamimba pafiira kapena patuluka matuza, limenelo ndi bala lamoto ndipo ndi la dokotala.

Mchira wonenepa uja ndi nkhokwe yake, ndi mmene amasungamo mafuta. Tsopano nkhokwe yapita, ndiye adye bwino. Akakana chakudya masiku awiri kapena atatu oyamba musadabwe, ndi mantha. Akayamba kudya mupatseni pafupipafupi, chakudyacho mutachiwaza ufa wa calcium. Koma tizilombo tamoyo timene wasiya, makamaka tinkhululu tija amagulitsa m'masitolo a ziweto, musatisiye kugona m'bokosi. Tizilomboti tikamva njala timayamba kudya balalo iye ali mtulo. Mbale ya madzi ikhale yoyera nthawi zonse.

Pakatha masiku ochepa bala limauma n'kutseka, kenako pamatuluka kansonga kofiirira, ndipo pakadutsa mwezi umodzi kapena iwiri mchira watsopano umakhala utaoneka. Sudzafanana ndi wakale. Umakhala waufupi, wonenepa ngati kampiru, wosalala, ndipo mkati mwake simukhala mafupa koma chichereŵechereŵe. Muuzeni mwana zimenezi padakali pano kuti asadzaganize kuti wadwala. Mwayi wake ndi woti ndi leopard gecko. Akanakhala crested gecko wa ku New Caledonia, mchira sukanaphukanso.

Pitani kwa dokotala wa zinyama ngati magazi sakuleka mutatsindika pang'ono ndi kansalu koyera kwa mphindi zingapo, ngati pabala patupa, pada, payamba kununkha, kapena ngati sabata yatha asakudya ndipo akungofooka. Mafinya a nyama zokwawa ndi olimba, satuluka okha ngati a munthu, choncho musafinye. Ndipo ngati m'nyumbamo muli mphaka ndipo anamukhudzapo ndi dzino kapena chikhadabo, musadikire zizindikiro. Kabowo ka dzino la mphaka kamaoneka kakang'ono koma kamalowetsa tizilombo mkati mwa thupi. Poimba foni funsani ngati amaona nyama zokwawa, ku Britain amati exotics vet, chifukwa si dokotala aliyense wa agalu ndi amphaka amene amazidziwa.

Kwa masabata awiri kapena atatu mwana azingomuonera pagalasi. Akadzayambanso kumunyamula, akhale pansi, atsegule chikhatho kuti nalimata akwere yekha, ndipo akathawa amutchingire kutsogolo osati kumugwira kumbuyo. Akamaliza asambe m'manja ndi sopo, inunso chimodzimodzi, chifukwa nyama zokwawa zimatha kukhala ndi Salmonella, tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Mchira wodukawo ukulungeni papepala mutaye, palibe angaulumikizenso.